Jezi ya Naini ya Timu ya Mavu

Umphawi ulipo wamitundumitundu, abale anga, koma woipitsitsa ndi uja umakupeza uli ndi m'bale wako wolemera. Ukasauka pakati pa osauka anzako mumangoseka limodzi. Koma mkulu wako wa bere limodzi azidutsa pa galimoto, iwe uli chiweramire pa beseni, thovu mpaka m'zigongono, pamenepo mtima umayamba kuwola. Ndi zimene zinawachitikira a Sopo, mwini wake wa timu ya Mavu. Ana a masiku ano mukamva za Mavu mumangoti, "Paja inali timu yoopsa, inatha bwanji?" Khalani pansi ndikuuzeni, chifukwa zimene analemba m'nyuzipepala zija ndi theka chabe.

Dzina loti Sopo silinali la makolo ayi, linabwera ndi ntchito. Mkulu wawo anali ndi timu yotchedwa Akhwangwala, ija ya jezi zakuda zoyera pachifuwa. Anaiyambitsa awiriwiri ali anyamata, pa bwalo la fumbi kuseri kwa fakitale ya matabwa, ndi mpira wosokasoka. Koma timu itakwera n'kulowa mu ligi yaikulu, wamkulu uja anakhala Tcheya wa jekete ndi tayi, wamng'ono n'kukhala wochapa jezi. Zaka khumi ndi ziwiri! Lolemba lililonse jezi, makabudula, masokosi onunkha ngati mbuzi yofa dzana, zonse pa chingwe kuseri kwa kanyumba kawo ka chipinda chimodzi. Manja anachita kuyera n'kung'ambika. Ngakhale ana a sukulu akawaona ankakuwa, "A Sopo, thovu lilipo?"

Chimene chinawamaliza ndi chithunzi. Chaka china Akhwangwala anatenga chikho, ndipo wojambula wa nyuzipepala anati onse a timu aime pamodzi. A Sopo anapukuta manja m'thalauza n'kukaima pambali pa mkulu wawo. Apo mkazi wa Tcheya, mayi wonunkhira ngati shopu ya mafuta odzola, anawatembenukira.

"Alamu, tandigwirirani kachikwamaka. Sunthirani uko pang'ono, malaya anuwo angatiwonongere chithunzi."

Tcheya anamva, koma anangokonza tayi.

M'mawa mwake chithunzi chinatuluka tsamba loyamba. Onse analipo, ngakhale dalaivala wa basi. A Sopo panaoneka chigongono chokha, chitapachika chikwama cha mlamu wawo.

"Bambo ake, chigongono chanu chatchuka lero," anatero akazi awo uku akuseka, kufuna kuwapepesa mtima. Ataona kuti mwamuna sakuseka, anatsitsa mawu. "Zisiyeni. Tili moyo, mwana tili naye. Tamuonani uyo."

Panja mwana wawo mmodzi yekhayo, wa zaka khumi ndi ziwiri, ankamenyetsa mpira pakhoma, phi, phi, phi. A Sopo sanamuyang'ane. Maso anali pa nyuzipepala.

Amene anawalozera njira ya kwa sing'anga ati ndi wogulitsa matikiti pa geti. Kuseri kwa depoti ya mabasi, kupitirira omata matayala, kunali kachipinda ka chitseko cha malata. A Sopo anapitako masanasana, dzuwa likuswa mtengo. Ankayembekeza zikopa ndi nsupa, koma anapeza bambo waukhondo, wa malaya ositidwa bwino, akusenda lalanje ndi lezala. M'chipindamo munali mipando iwiri, tebulo, ndi nsapato. Nsapato zambirimbiri, zondandalikidwa m'mbali mwa khoma ziwiriziwiri, zabwinobwino zosang'ambika.

"Mukufuna chiyani, a manja oyera?" anafunsa sing'angayo osadzutsa mutu.

"Ndikufuna timu."

"Timu muli nayo. Si inu a kwa Akhwangwala?"

"Ija ndi ya achimwene."

"Ndiye mukufuna achimwenewo afe?"

"Ayi!" anatero a Sopo msangamsanga. "Asafe. Akhale moyo, aziona."

Sing'anga uja anaika lezala pansi n'kuseka mpaka kutsokomola. "Inu ndiye nsanje mumaidziwa. Ambiri amabwera kuti m'bale wawo afe. Opusa! Wakufa saona galimoto lako. Khalani pansi."

Anatsegula kabati ya tebulo n'kutulutsa kachidutswa ka sopo wakuda, kochepa ngati bokosi la machesi.

"Ntchito yanu ndi yomweyi, simuphunzira yatsopano. Pezani timu iliyonse, ngakhale ya zidakwa. Jezi ya nambala naini muzichapa nokha ndi sopo uyu, masewero aliwonse asanachitike. Wina asaikhudze pa beseni, ngakhale akazi anu. Woivala azigoletsa ngati golo ilibe mwini. Zikho zibwera, makampani abwera, chuma chidzachita kukutsatani kuchimbudzi."

"Nanga mtengo wake?"

"Ndalama zanu sungani, ndi zonyowa. Ndikufunseni, mpira amasewera ndi chiyani?"

"Ndi miyendo."

"Basitu. Tsiku la masewero omaliza a chaka, amene dzuwa lidzamulowere ali m'jezi imeneyo, miyendo yake ndi yathu. Chaka chilichonse iwiri."

A Sopo anayang'ana nsapato zija m'mbali mwa khoma. Kunja omata matayala ankamenya chitsulo, ngwe, ngwe.

"Amafa?"

"Ndani wanena za imfa? Azidya, aziseka, akhoza kukwatira akapeza mkazi wopirira. Kungoti sadzaimanso."

"Nanga tsikulo jezi ikakhala kuti palibe waivala?"

"Jezi imeneyo siigona ndi njala. Ikasowa woivala, imapita kwa woichapa."

Munthu wabwinobwino akanadzuka pomwepo n'kuthawa osatseka chitseko. Koma a Sopo anangofunsa funso limodzi lokha.

"Achimwene ndidzawapitirira?"

"Adzachita kupinda khosi kuti akuoneni."

A Sopo anatenga sopo uja n'kuika m'thumba la malaya. Sing'anga anawapatsanso kagawo ka lalanje, iwo n'kudya.

Mmenemo ndi mmene inayambira timu ya Mavu, osati zija amanena pa wailesi zoti masomphenya ndi khama. A Sopo anatula pansi beseni la Akhwangwala n'kukatenga katimu ka anyamata onyamula katundu mumsika, kamene kanali pansi penipeni pa ligi yaing'ono. Golo zawo zinalibe ukonde, wogoletsa ankathamangira yekha mpira kuthengo. Anawapezera jezi zakale zachikasu za mizere yakuda, anthu n'kuyamba kuwatcha Mavu mowaseka. Naini anampatsa mnyamata wina wonyamula matumba a simenti, amene kale akamenya mpira ngakhale basi yoima ankaiphonya.

Amayi inu! Chaka chimenecho mnyamatayo anagoletsa ndi mutu, ndi chidendene, ndi bondo, tsiku lina mpaka ndi matako atagwa chagada. Anthu anamutcha Mphezi. Mavu sanagonje ngakhale kamodzi, ndipo anakwera kulowa mu ligi yaikulu.

Tsiku lomaliza a Sopo anaika lamulo limene linakhala mwambo wa timuyo mpaka kutha kwake. "Lero palibe wovula jezi. Tikwera lole yosatseka, tizungulira tauni yonse anthu akuoneni. Muvula kukada." Anyamata anasangalala. Ndani sakonda kuonedwa? Mphezi anaima kutsogolo kwa lole, naini kumsana, atsikana akumuponyera mipango, dzuwa n'kulowa.

Lachitatu anayamba kudandaula kuti zala zakuphazi zikuzizira. Lachisanu anagwa kubafa. Madokotala anamujambula, anamubaya, anamugogoda mawondo ndi kanyundo, sanapeze kanthu. Miyendo inali yonse, yonenepa bwino, koma ngati ya munthu wina. A Sopo analira pambali pa bedi, n'kumugulira njinga ya olumala yonyezimira. Nyuzipepala inajambula. Ulendo uno nkhope yawo inatuluka yonse.

Kuchokera apo chuma chinabwera ngati mvula ya matalala. Kampani ya zakumwa inalemba dzina lake pa jezi. Bwalo linkadzaza mpaka ena kukwera m'mitengo. Matimu akunja ankabwera kudzagula osewera, ndipo a Sopo ankagulitsa goloboyi, otchinga kumbuyo, apakati, aliyense. Koma akafuna kugula naini, a Sopo ankati, "Dikirani ligi ithe." Ligi ikatha, ogula aja ankapeza munthu ali pa bedi.

Anamanga nyumba yosanja moyang'anizana ndi ya mkulu wawo, dala, kuti akaima pakhonde la m'mwamba aziona mpaka zimene akuyanika kuseri kwa Tcheya. Magalimoto atatu. Akazi awo anayamba kuvala mawigi ofika m'chiuno, ndipo mkazi wa Tcheya uja akakumana nawo ankayamba ndi iye kupereka moni. Ifenso oyandikana nawo, tisanamizane, nsanje inatigwira. Tinkati tikaona geti lawo likutseguka lokha, tiyi ankatiwawa m'kamwa.

Koma panali kachinthu kamodzi kodabwitsa. Timu inali ndi makina ochapira ndi antchito awiri, koma Lachisanu lililonse bwana mwini wake ankavula wotchi yagolide, n'kudzitsekera kubafa ndi jezi imodzi. Anthu ankati, "Taonani kudzichepetsa! Munthu wosaiwala kumene anachokera." M'busa wina mpaka anawatchula pa ulaliki.

Chaka chachiwiri naini wina anakhala pansi. Chachitatu winanso. Anthu sasowa chonena. Ena ankati anyamata a mpira amakonda akazi a eni. Ena ankati ndi mankhwala olimbitsa thupi. Koma pofika wachinayi, mphekesera inagwirizana pa munthu mmodzi: Tcheya wa Akhwangwala. "Ndi nsanje! Akulodza timu ya mng'ono wake!" Ochemerera Mavu anagenda basi ya Akhwangwala, magalasi onse phwaa. Tcheya anawoloka msewu yekha wapansi n'kukagogoda pa geti la mng'ono wake.

"Mng'ono wanga, iwe ukundidziwa. Tauza anthu akowa kuti si ine."

A Sopo anayankhira pakhonde la m'mwamba, osatsika. "Achimwene, pakamwa pa anthu ndingatseke ine? Sunthirani uko pang'ono, galimoto ikufuna kutuluka."

Mwina mukuganiza kuti apa mtima unakhala pansi. Ayi ndithu. Nsanje ili ngati mphere, ukakanda ndi pamene imayabwa. Akhwangwala sankatenganso zikho, koma Tcheya ankasekabe. Lamulungu masana pakhomo pake pankadzaza osewera ake akale, obwera ndi akazi ndi ana, kumenya mpira pa kapinga, kuseka mpaka kugwetsa mipando. A Sopo ankaima m'mwamba muja n'kumayang'ana. Kwawo kunalibe wosewera wakale wobwera kudzacheza. Akanakwera bwanji masitepe?

Tsono mwana uja anakula. Mpira unali m'magazi, wosachita kuchapira. Akalowa pakati pa otchinga kumbuyo ankaterera osagwirika, anthu n'kumutcha Kasopo. Atakwana zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kochi wa Mavu anapita ku ofesi akumwetulira.

"Bwana, chaka chamawa tisavutike kusaka naini. Ali m'nyumba mwanu momwe, akudya chakudya chanu."

A Sopo anamuthamangitsa ngati waba. Madzulo ake, banja lili pa tebulo, mnyamata anayamba yekha.

"Bambo, akochi akuti mwakana."

"Ndakana."

"Chifukwa?"

"Pita kusukulu ukakhale loya."

"Bambo, ndakula ndikuona jezi yachikasu pa chingwe. Ndiyeseni masewero amodzi okha. Ndikalephera ndisiya ndekha."

A Sopo anadziwa kuti akanena mofewa mwanayo sasiya. Ndiye anasankha mawu olasa. "Ukufuna ndikuuze zoona? Ulibe mpira iwe. Anthu amakuchemerera chifukwa ndiwe mwana wanga. Timu yanga si ya masewera a ana, sindingaike munthu wothamanga ngati bakha."

"Bambo ake!" anakuwa mayi.

Mnyamata anadzuka pa tebulo. Anatsuka m'manja, analowa kuchipinda, natuluka ndi nsapato zake za mpira pakhosi. Anawoloka msewu. Tcheya anamulandira ndi manja awiri.

Pamenepo ndiye a Sopo anaonda, chakudya chili tho m'nyumba. Kasopo anayamba kugoletsera Akhwangwala sabata ndi sabata, ndipo akagoletsa ankathamangira kumene kwakhala Tcheya n'kukawakumbatira, "Bambo aakulu! Bambo aakulu!" Nyuzipepala zinkajambula. A Sopo ankazing'amba, kenako n'kutuma wantchito kukagula ina kuti aonenso.

Anabwereranso kuseri kwa depoti kuja. Sing'anga anali pomwe paja, malaya ositidwa, ngati sanadzukepo zaka zonsezi. M'mbali mwa khoma munali mutawonjezeka nsapato za mpira, mapeyala asanu ndi awiri. Zoyambirira a Sopo anazizindikira, zinali za Mphezi, zija anamugulira okha.

"Bwana mkubwa! Mwanenepa m'khosi koma maso alowa. Sopo watha?"

"Sakutha. Ndi chimodzimodzi mmene munandipatsira."

"Ndiye vuto n'chiyani?"

"Ndikufuna kusiya. Mwana wanga abwerere kwathu, azisewera timu ya bambo ake."

"Siyani. Ndani wakugwirani?"

"Ndingosiya basi?"

"Tsiku lomaliza la chaka chino valani nokha jeziyo, mukhale pakhonde panu paja, muonere dzuwa likulowa. Zikatero tathana. Mwana wanu adzavala naini mpaka kukalamba, osamva ngakhale chimfine."

"Palibe njira ina?"

"Imeneyi ndi yaifupi kale. Anyamata asanu ndi awiri anaidutsa osafunsidwa. Inu mwachita mwayi, ndakufunsani."

A Sopo anayang'ana miyendo yawo, ili m'nsapato zachikopa zochokera kunja. Anaganiza za masitepe a nyumba yawo. Anaganizanso za ligi, poti chaka chimenecho, chifukwa cha Kasopo, Akhwangwala anali khosi ndi khosi ndi Mavu pamwamba.

"Chaka chino chokha," anatero. "Ndiwaswe kaye achimwene. Zinazo tidzaona chaka chamawa."

"Onse amatero," anayankha sing'anga, n'kuyamba kusenda lalanje lina.

Nthawi imeneyo anyamata a m'dziko muno anali atayamba kuiopa naini ya Mavu. Ukawapatsa ankati, "Bwana, ine ndimakonda leveni." Choncho a Sopo anali atagula wosewera wochokera kutali kwambiri, wamtali ngati mlongoti, wosamva chilankhulo chathu. Tinkangomutcha Mlendo. Zamphekesera sankazimva, ankangomwetulira n'kumagoletsa.

Masewero omaliza a chaka anagwera pa matimu awiri omwewa, Mavu ndi Akhwangwala. Wopambana ndiye katswiri wa ligi. Tauni yonse inatseka mashopu. Anthu anachuluka mpaka anagwetsa geti la kumpoto n'kukhuthukira m'bwalo, ndipo apolisi anatha ola lathunthu ndi theka akuwabweza. Mpira umene umayenera kuyamba dzuwa lili pamwamba unayamba litapendeka kale.

Mlendo anagoletsa choyamba ndi mutu. Chigawo chachiwiri Kasopo anadutsa anthu atatu n'kubweza, bwalo lonse kugwedezeka. Kutatsala mphindi ziwiri, mpira unamugunda Mlendo pa phewa iye akuyang'ana kwina, n'kulowa. Woyimbira analiza wezulo yomaliza dzuwa litakhala pa denga la mbali ya kumadzulo, lofiira ngati diso la chidakwa. Mavu awiri, Akhwangwala chimodzi.

A Sopo anaimirira kumalo a mabwana, n'kutembenukira mkulu wawo amene anakhala mipando itatu kuchokera pa iwo. Ankafuna aone nkhope. Koma Tcheya sankayang'ana iwo, ankayang'ana m'bwalo uku akumwetulira.

"Taona mwana wako, mng'ono wanga."

Paja kumene anachokera Mlendo kuli chizolowezi choti masewero aakulu akatha, osewera amene alemekezana amasinthana jezi. Anyamata a Mavu onse ankadziwa lamulo la bwana loti tsiku lomaliza palibe wovula. Koma Mlendo ndani akanamufotokozera? Chaka chonse ankalankhula naye ndi manja. Wojambula amene anali pafupi ati anamva Kasopo akunena, uku akuloza jeziyo, "Bambo anga anandikaniza iyi. Ndivaleko kamodzi kokha andione." Mlendo mawuwo sanawamve, koma chala anachimva. Anavula, nayenso Kasopo anavula, n'kukumbatirana.

Pamene a Sopo ankatembenuka, mwana wawo anali ataima pakati pa bwalo m'jezi yachikasu. Anawapatsa msana kuti aone nambala, akuiloza ndi zala zazikulu ziwiri, kenako anatembenuka akuseka ngati mwana wamng'ono amene wavala nsapato za bambo ake.

Anthu amene analipo amati sanaonepo munthu wa mimba akutsika masitepe chotero. Analumpha mipando, anagwetsa mayi wogulitsa malalanje, anadumpha kampanda n'kugwera m'bwalo. Koma m'bwalomo munali mutadzaza kale ochemerera Mavu, zikwi ndi zikwi, ndipo atangowaona anakuwa, "Bwana! Bwana uyo!" Anawanyamula m'mwamba ngati thumba la thonje.

"Nditsitseni! Nditsitseni, agalu inu!"

Ndani akanamva? Ng'oma zinali pakati, malipenga pakati, ndipo onse ankayimba nyimbo yawo ija, "A Sopo achapa! A Sopo achapa! Akhwangwala ayera!" Anayamba kuzungulira nawo bwalo. A Sopo anamenya anthu m'mitu, anthu n'kumati bwana akuvina. Analuma wina khutu, iye n'kumauza anzake monyada, "Andiluma bwana ndi chisangalalo!" Anapisa m'thumba kuti ayimbe foni, foni anali ataisolola kale akatswiri a m'matumba.

"Vula! Mwana wanga, vula!"

Ali m'mwamba muja ankaona zonse bwinobwino, kuposa wina aliyense m'bwalomo. Anaona kachikasu kaja kakuyenda pakati pa jezi zakuda, kakutuluka pa geti la osewera, kakukwera basi ya Akhwangwala. Kasopo anakhala pawindo. Ataona bambo ake ali pa mapewa a anthu, manja ali m'mwamba akumukuwira, anaganiza kuti akumuyamikira. Anatulutsa dzanja n'kuwabayibitsa.

Dzuwa linatsetsereka kuseri kwa denga. Pamene ankawatsitsa a Sopo, atawazungulitsa katatu, magetsi a m'bwalo anali atayaka.

Lachitatu Kasopo anauza mayi ake kuti zala zakuphazi zikuzizira. Lachisanu anali m'chipatala. M'kachipinda kaja munali mayi ake, Tcheya ndi mkazi wake, ndipo dokotala anali atangotuluka kumene akupukusa mutu. A Sopo analowa tsitsi lili nyankhalala, malaya omwe aja a Loweruka. Anagwada pambali pa bedi n'kugwira mapazi a mwana wawo.

"Unavaliranji? Ndinakukaniza dala! Ndinakuthamangitsa dala kuti usaivale!"

Mayi a mwana anavula wigi pang'onopang'ono n'kuiika pa mpando.

"Bambo ake, mwati bwanji? Munadziwa bwanji kuti jezi ija siyovala?"

Apo zonse zinatuluka, za depoti, za sopo wakuda, za lole yozungulira tauni. Namwino amene ankasintha madzi a diripi pa bedi loyandikana anaima ndi botolo m'manja mpaka nkhani kutha, ndipo ndi mchemwali wake wa mnzanga, ndiye musandifunse kuti ndinazimva kuti. Tcheya anangokhala pansi n'kugwira kumutu.

Amene analankhula ndi Kasopo, mofatsa, akuyang'ana kudenga.

"Ndiye mpira ndinali nawo, bambo?"

"Unali nawo, mwana wanga. Kuposa onse amene ndinawaonapo."

"Nanga anzanga asanu ndi awiri aja, iwo analibe bambo?"

Mnyamata anatembenuzira nkhope kukhoma. "Amayi, auzeni achoke. Akundigwira mapazi, ndipo sindikumva kanthu."

Dzuwa lisanalowe tauni yonse inali itamva. Mlendo atamupezera womasulira n'kumufotokozera bwinobwino, anakwera ndege ndi kachikwama ka m'manja, zovala zina zonse anazisiya. Osewera ena anabalalika ngati mbalame zamva legeni. Kampani ya zakumwa inatuma anthu kukafufuta dzina lake pa basi ya timu. Ndipo m'mawa wina anthu anadzuka n'kuona njinga za olumala zisanu ndi ziwiri zitandandalika pa geti la nyumba yosanja, Mphezi ali kutsogolo. Sanagende, sanatukwane. Ankangobwera m'mawa uliwonse, kukhala pamenepo maso ali pakhonde la m'mwamba, madzulo abale awo n'kudzawatenga. Sabata zitatu. A Sopo sanatuluke ngakhale kukasuzumira.

Ligi yotsatira itayamba, Mavu analephera kufika pa bwalo masewero atatu otsatizana, poti panalibe ngakhale mwana wa sukulu wolola kuvala chikasu. Akuluakulu a mpira anaichotsa m'kaundula. Timu imene inatenga ligi kasanu ndi kawiri inathera pa kalata ya mizere inayi. Nyumba inagulitsidwa, magalimoto anapita. Mayi a Kasopo anawoloka msewu ndi mwana wawo, ndipo mpaka lero amene amamukankha pa njinga popita kukaonera mpira ndi bambo ake aakulu, atakalamba choncho.

A Sopo ati anapitanso kuseri kwa depoti, koma anapeza kachipinda kaja akugulitsiramo nkhuku, ndipo omata matayala anati sakudziwa munthu wotero. Kuyambira pamenepo mutu unasokonekera. Masana amakhala phee pansi pa mtengo pafupi ndi bwalo la mpira, osapempha, osalankhula. Koma dzuwa likangoyamba kufiira amadzuka n'kuyamba kuthamangitsa anthu mumsewu, kuwakoka malaya, misozi ili chuchuchu. "Vula! Vula, mwana wanga, likulowa!" Sasankha, kaya ndi wapolisi, kaya ndi mayi wochokera ku ofesi. Mwezi wathawu anang'amba malaya a mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya sekondale pamaso pa ana ake, anthu n'kuwamenya mpaka kuwathyola dzino. M'mawa mwake anali pansi pa mtengo pomwe paja, akudikira madzulo.

Ndiye abale anga, mukaona mnzanu wakwera, musathamangire kuseri kwa madepoti. Chuma cha mankhwala amati ulipira ndi mwana wa eni, koma chimadziwa njira ya kunyumba kwako, ndipo chimafika tsiku limene anthu akukuyimbira nyimbo. Dyera ndi nsanje sizikhuta. Bola kuchapa masokosi a anzako moyo wako wonse, madzulo mwana wako n'kubwera kunyumba akuyenda ndi miyendo yake.